Chithunzi Chimene Mwana wa Achemwali Anandipempha

Ntchito yanga ndi yojambula maukwati. Ndili ndi kasitudiyo ku Limbe, pamwamba pa sitolo ya nsalu, koma Loweruka simungandipezemo. Ndimakhala m'matchalitchi, m'maholo ndi pa kapinga wa malo ogona alendo, kamera ili m'khosi, nsapato zafulati kuphazi. Kudina batani si ntchito, aliyense wokhala ndi foni amadina. Ntchito yeniyeni ndi kuwachotsa anthu mantha. Anthu akwathu, makamaka akuluakulu ochokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje, akangoona kamera amauma gwa, manja m'mbali, chibwano m'mwamba, ngati akujambulitsa cha pa chiphaso. Ndiye ine ndimawasokoneza. Mkwati ndimamuuza kuti amunong'oneze mkazi wake chimene wadya m'mawa. Operekeza akwati ndimawauza kuti aziyenda pang'onopang'ono akubwera kwa ine uku akunyozana nsapato. Azimayi a kwaya ndimawayambira nyimbo molakwitsa dala, ndipo pondikonza amaseka okha, ine n'kujambula.

Tsiku lina masana kunabwera mwana wa achemwali anga. Anali mtsikana wamtali, wosakonda zoyankhulayankhula, ndipo ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala m'tauni. Ukwati wake unali utayandikira. Zoti wojambula ndidzakhala ine panalibe amene anafunsa, zinali zodziwikiratu. Anakhala pa kampando kamene ndimakhazikapo ana, n'kumaseweretsa lamba wa chikwama chake.

"Anti," anatero, "zithunzi zina zonse mudzajambule mmene mukufunira. Ine ndikufuna chimodzi chokha. Amayi mbali iyi, adadi mbali iyi, ine pakati. Tizidzaoneka ngati anthu a nyumba imodzi."

Ndinaika pansi lenzi imene ndinkapukuta.

"Amayi ako wawauza?"

"Mukawauze ndinu. Ine ndikangotchula adadi, amadzuka n'kukatsuka mbale zotsukatsuka kale."

Achemwali anga anakwatiwa ndi mwamuna wa ku Mpingwe, amene makolo ake anachokera ku Mozambiki kalekale. Alamu angawo ankayendetsa thiraki njira ya ku Beira. Anabereka ana awiri, woyamba wamwamuna, wachiwiri mtsikana ameneyu. Mnyamatayo ali ku pulayimale anadwala malungo aakulu, n'kugonekedwa m'chipatala. Alamu anali atachoka pakhomo ponena kuti ali ndi ulendo wa ku Beira. Tinawaimbira foni mpaka zala kuwawa, sinkapezeka. Mwana anamwalira, tinamunyamula kukamuika kumudzi ku Nsanje, bambo ake kulibe. Anatulukira anthu atabalalika kale pa siwa. Sipanapite nthawi, tinamva kuti ku Beira sanapite n'komwe. Thiraki inali pa galaja, eni ake ali ku Mpingwe komweko kwa mkazi wina, foni atathimitsa kuti asasokonezedwe. Kuchokera kumeneko kufika pa chipatala ndi minibasi imodzi.

Achemwali sanalalate. Analongedza zovala za alamu m'thumba la feteleza, n'kuliika panja pa geti. Kuyambira pamenepo dzina lawo silinatulukenso pakamwa pawo. Mtsikanayo anakulira ku Nancholi ndi mayi ake okha. Bambo ake anadzakumana nawonso atakula, iwo atayamba kubwera m'sitolo muja kudzagula mankhwala a shuga. Poyamba ankangowagulitsa ngati kasitomala wina aliyense. Kenako anayamba kuwafunsa ngati adya.

Ndinapita ku Nancholi Lamulungu lotsatira. Achemwali ndi telala, ndipo ndinawapeza pakhonde akusoka madiresi a atsikana operekeza mkwatibwi, mapini ali kukamwa. Ndinazungulira nkhani, za keke, za holo, za abale amene adzabwere kuchokera kumudzi. Atandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndinadziwa kuti andigwira.

"Wakutuma?"

"Wandipempha, achemwali."

Anachotsa mapini aja mmodzimmodzi n'kuwabaya pa chitenje chawo.

"Ku tchalitchi abwere, tchalitchi si changa. Ku holo adye, mpunga ndi wa aliyense. Koma kuima pambali panga, ayi."

"Si pambali panu. Mwana adzakhala pakati."

"Pakati panali ana awiri."

Makina anayambanso kulira. Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, ndikuwathandiza kudula ulusi wotsalira m'mipendero. Sindinaibwerezenso nkhaniyo. Pondiperekeza, tili pa geti, anayankhula akuyang'ana kumsewu.

"Mwanayu sanandipemphepo kanthu chibadwire. Ukadzati ndiime, ndidzaima. Koma munthuyo asadzatsegule pakamwa. Akadzangoti kanthu, ine ndachoka."

Ku Mpingwe ndinapitako mkati mwa sabata. Alamu ndinali nditatenga zaka osawaona, ndipo ndikanakumana nawo pamsewu ndikanawadutsa. Munthu uja anali wa thupi, wa mawu ogwedeza mawindo, tsopano anali atatha, khosi likusambira mu kolala. Mwendo umodzi unali wotupa, atausanjika pa chigubu. Mkazi wawo wachiwiriyo anandilonjera mwaulemu, n'kuzimiririka kuseri kwa nyumba.

"Alamu, mwakula," anatero bamboyo.

Ndinawafotokozera zimene ndinabwerera. Anamvetsera akusisita bondo.

"Iwowo avomera?"

"Avomera. Koma akuti musadzayankhule. Ngakhale moni."

Anaseka kopanda mawu, mapewa okha kugwedezeka.

"Ndidzayankhula chiyani, alamu? Mawu anga anatha kalekale. Ndidzangoima."

Ukwati unachitika nyengo yotentha, mitengo ya jakaranda itachita maluwa. Anadalitsira ku tchalitchi china ku Chitawira, kwawo kwa mkwati. Mkwatiyo anali mnyamata wofatsa wokonza zamagetsi, ndipo anatuluka thukuta kuyambira pa guwa mpaka panja. Alamu anakhala benchi yakumbuyo, atavala suti yotuwa imene inkaoneka kuti inasokedwa iwo akadali onenepa. Amene anamulowetsa mkwatibwi anali achimwene athu aakulu ochokera ku Nsanje. Achemwali anakhala kutsogolo, duku lalikulu kumutu, ndipo sanacheuke mpaka mapemphero kutha.

Titatuluka tinapita kokajambula, pa kapinga wa malo ena ogona alendo pafupi ndi tauni. Dzuwa linali paliwombo, lija limaika mithunzi yakuda m'maso mwa anthu, choncho ndinawakokera onse pansi pa mitengo. Ndinayamba ndi akwati okha. Mnyamata uja anamugwira mkazi wake m'chiuno ngati wagwira waya wamoto.

"Bambo, ameneyo ndi wanu, abusa asayina," ndinatero. "Tsamiritsani chipumi chanu pa chake. Musandiyang'ane ine. Muuzeni chimene munaganiza tsiku loyamba kumuona."

Sindinamve chimene ananena, koma mtsikanayo anaphulika kuseka, n'kumumenya ndi maluwa pachifuwa. Ndinajambula. Ndinawayendetsa atagwirana manja, ndinamuuza mkwati akonze velo imene mphepo inkaulutsa, ndinawakhazika pa masitepe mkwatibwi atavula nsapato zomupana. Zonse zinkatuluka bwino. Anyamata operekeza ndinawauza amunyamule mkwati, ndipo anatsala pang'ono kumugwetsera mu maluwa. Atsikana aja anazungulira mkwatibwi akumuimbira nyimbo yomuseka. Abale a mkwati, anthu ambiri ndi aphokoso, sanafune thandizo langa, ankangokankhana okha n'kumaseka.

Nthawi yonseyi mkwatibwi ankaponya maso kumbali. Alamu anali atakhala pa mpando wa pulasitiki pansi pa mtengo wa mango, ndodo ili pakati pa miyendo. Achemwali anali mbali ina ya kapinga, pakati pa anzawo a kwaya.

Ndinali nditaganiziratu mochitira. Sindinafune kuwaimika pamzere, chifukwa anthu odana akaima chilili, chidanicho chimaonekera m'mapewa. Ndinafuna kuti aziyenda. Munthu akamayenda amaganiza za mapazi ake. Ndinauza achimwene kuti atengere anthu onse kumagalimoto, kuti pasakhale oonerera. Kenako ndinamutenga mkwatibwi n'kumuimika kumapeto kwa kanjira ka njerwa.

"Achemwali, tabwerani mumugwire mkono uwu."

Anabwera. Anamukonza mwana wawo ndolo, n'kulowetsa dzanja m'mkono mwake, maso ali kutsogolo.

"Alamu, inu mbali iyi."

Anadzuka movutikira. Ndodo anaitsamiritsa pa mpando, sanafune kuti ioneke. Anayenda chotsimphina kudutsa kapinga mpaka anafika. Mwana wawo anawapatsa mkono wina. Ndinaona chifuwa chake chikukwera ndi kutsika pansi pa diresi.

Ndinabwerera m'mbuyo, n'kugwada bondo limodzi.

"Muzibwera kwa ine pang'onopang'ono. Musandiyang'ane. Nonse muziyang'ana mwana wanu."

Anayamba kuyenda. Achemwali anatembenuzira nkhope kwa mwana wawo, koma maso anawatsitsira pa maluwa kuti asapitirire kufika tsidya linalo. Nsagwada zinali zolimba. Ndinadikira. Ndimadziwa kuti pamafunika kanthawi kuti nkhope imasuke, ndipo ndinaona kuti mwina zitheka, chifukwa mphepo inakankhira velo kumaso kwa achemwali ndipo milomo yawo inayamba kufewa.

Alamu anali akumuyang'ana mwana wawo monga ndinawauzira. Kenako nkhope yawo inakwinyika, misozi n'kuyamba kutsika. Ndikukhulupirira kuti sanafune kuyankhula. Mawu anangotuluka.

"Achimwene ako akanakhalapo lero, bwenzi ali iwo okugwira mkono uwu."

Achemwali anaima. Anasolola dzanja lawo m'mkono mwa mwana pang'onopang'ono, ngati akusolola ulusi pa nsalu. Koyamba pa zaka zonse zija anawayang'ana alamu kumaso.

"Musamutchule," anatero, mawu ali pansi. "Simukudziwa ndi pomwe anagona."

"Amayi, chonde," anatero mkwatibwi. "Amayi, kamodzi kokha."

"Ndinanena."

Anatembenuka n'kumapita kumagalimoto, osathamanga, nsana uli chilili. Ndinawathamangira, kamera ikundimenya pachifuwa. Ndinawagwira chitenje, ndinawapempha m'dzina la mayi athu, ndinawauza kuti munthuyo akudwala ndipo mwayi wina sudzapezekanso. Anandichotsa dzanja.

"Iwe unalipo pamene ndinkamusambitsa mwana uja. Usandipemphenso."

Nditabwerera ndinapeza alamu atakhalanso pa mpando uja, akupukuta kumaso ndi taye. Ankangobwereza kuti, "Pepa mwanawe, pepa." Mkwatibwi anaima pomwe tinamusiya, manja onse ali lende. Mwamuna wake anabwera kudzamugwira phewa, iye osagwedezeka. Kenako anapempha kalilole, anakonza zopaka za m'maso, n'kunena kuti, "Tiyeni, anthu akudikira ku holo."

Alamu ku holo sanafike. Mkazi wawo anabwera ndi takisi kudzawatenga, akuti shuga wakwera. Madyerero anayenda monga amayendera madyerero onse. Achemwali anavina pa perekaniperekani, anzawo a kwaya atawazungulira, ndipo anaseka kwambiri wina atagwetsa duku. Mkwatibwi anamwetulira paliponse pamene ndinamulozetsa kamera. Amene sankadziwa sanaone kanthu.

Ndikusankha zithunzi ku situdiyo, ndinapeza kuti pa kanjira paja chala changa chinadina kangapo. Pa china achemwali akuyang'ana maluwa, nkhope ngati mwala. Pa china alamu ali kukamwa yasa, mkwatibwi watsinzina. Pa chomaliza pakuoneka nsana wa achemwali ndi theka la duku. Sindinaike ngakhale chimodzi mu alubamu, ndipo mwini wake sanafunse.

Alamu anamwalira mvula itayamba. Mwendo uja anaudula, koma bala silinapole. Mwana wawo anagona pa maliro ku Mpingwe mpaka kuika. Ine ndinapita tsiku loika. Achemwali sanapite. Anthu a ku tchalitchi kwawo atabwera kudzawapepesa, achemwali anawayalira mkeka, anawaphikira tiyi, n'kuwafunsa kuti amene wamwalirayo ndi ndani.

Patapita masabata angapo mtsikana uja anabweranso ku situdiyo. Anali woyembekezera, mimba itayamba kuoneka.

"Anti, pa kompyuta paja mumatha kuchotsa munthu pa chithunzi china n'kumuika pa china?"

"Ndimatha. Koma sizikhala zenizeni."

"Ndikudziwa. Tangopangani."

Ndinagwira ntchito imeneyo mosamala kuposa ina iliyonse. Iye ndinamutenga pa chithunzi chimene ankaseka ndi mwamuna wake. Bambo ake ndinawatenga pamene anali atangomugwira mkono, misozi isanayambe. Mayi ake ndinawatenga ku holo, pamene ankaseka za duku lija. Ndinafananitsa kuwala, ndinakonza mithunzi, ndinachotsa magetsi a mu holo amene ankawala pa magalasi a achemwali. Munthu wachilendo akanati ndi banja losangalala likuyenda pansi pa mitengo. Ndinachitsukitsa chachikulu, n'kuchiika mu felemu.

Atabwera kudzatenga, anachigwira ndi manja awiri n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Apapa amayi ankaseka chiyani?"

Ndinamuuza.

"Eya," anatero. "Sangaseke chonchi adadi ali pafupi. Ndikamachiyang'ana ndikungomva mawu aja." Anachitsamiritsa kukhoma, nkhope yake italoza kukhomako. "Mwayesetsa, anti. Chikhale konkuno."

Kuyambira pa maliro paja anali atasiya kupita ku Nancholi. Sanakangane ndi mayi ake, anangosiya. Achemwali akaimba foni, ankayankha mawu awiri atatu n'kunena kuti ali ndi makasitomala. Ine ndinayesa kumuyankhula. Ndinamuuza kuti mayi ndi mayi, kuti munthu woyembekezera sasunga mkwiyo. Anandiyankha mofatsa, osakweza mawu.

"Ndinawapempha kuti aime kanthawi kochepa, anti. Adadi analakwa, sindikukana. Koma tsiku lija linali langa, silinali la achimwene. Ine moyo wanga wonse ndakhala m'nyumba ya maliro."

Mwamuna wake anapeza ntchito ku Joni, ndipo ananyamuka onse mimba ili yaikulu. Anadzanditsanzika ku situdiyo. Ku Nancholi anangotumiza uthenga wa pa foni ali kale m'basi. Achimwene athu anayesa kuitanitsa ankhoswe kuti akambirane, koma ankhoswe a kuchimuna anati nkhani ya mayi ndi mwana wake si ya ukwati, iwo sangailowerere.

Mtsikanayo anachira mwana wamwamuna nyengo yozizira. Ananditumizira zithunzi pa foni, kamwana kofiira kokutidwa mu bulangete, kenako mawu pansi pake: musawaonetse amayi. Ndinamuimbira, ndinamuchonderera, ndinamukalipira. Anati akadzakonzeka adzatumiza yekha, ndipo ndikawaonetsa, nanenso sadzanditumiziranso kanthu. Mpaka lero sanakonzeke. Mwanayo tsopano akuyenda.

Atangobadwa, ndinapita ku Nancholi kukanena za kubadwa kwa mwanayo, chifukwa panalibe wina wokanena. Kunali chiperoni, nkhungu itaphimba phiri, ndipo achemwali anali atalowetsa makina m'nyumba. Ankasoka yunifomu ya sukulu ya mwana wa aneba. Ndinakhala pa mpando, chikwama chili pamiyendo.

"Wachira," ndinatero. "Mwana wamwamuna. Onse ali bwino."

Phazi lawo linaima pa chopondera. Anavula magalasi, anawapukuta ndi chitenje, n'kuwavalanso.

"Ambuye alemekezeke," anatero. "Uli nacho chithunzi?"

Ndikanatha kunena kuti sanatumize. Koma achemwali anandilera, amadziwa nkhope yanga ndikamanama.

"Ndili nacho. Wandiletsa kukuonetsani."

Anayang'ana chikwama chija. Ndinaganiza kuti andilanda, kapena alira, kapena anditukwana, ndipo chilichonse mwa zimenezi ndikanachilandira. Ndikanawapatsa foniyo akanangotambasula dzanja. Sanatambasule.

"Usaphwanye mawu ake," anatero. "Angadzakutaye nawenso, ndiye asowa womuuza zinthu kumeneko." Anakoka nsalu ija n'kuiika bwino pansi pa singano. "Ameneyo ndi mwana wanga ndithu. Mtima umenewo sanautole pamsewu."

Anandifunsa ngati mwanayo ali ndi tsitsi lambiri. Ndinati ali nalo. Anafunsa ngati kumeneko kukuzizira, ndiponso ngati alipo womuthandiza kuchapa matewera. Ndinayankha zimene ndinkadziwa. Kenako anadzuka, anatsegula kabati, n'kutulutsa kathumba ka pulasitiki. Munali timalaya ta mwana wakhanda, tosokedwa ndi nsalu zotsala za madiresi a operekeza aja, ndi kachipewa koluka.

"Ukapeza wopita ku Joni, umupatsire. Ukanene kuti wagula ndiwe."

Ndinapatsira dalaivala wina wa basi sabata yomweyo, ndipo ndinanena monga anandiuzira. Mtsikanayo anakulira pa phazi la makina amenewo, msoko wa mayi ake sangausokoneze ndi wa munthu wina. Anandilembera kuti katundu wafika, zikomo. Pa zithunzi zonse zimene wanditumizira kuchokera nthawi imeneyo, mwanayo sanavalepo timalayato ngakhale kamodzi.